Mgolo wa Nkoloso ndi Njira Yopita Kuthambo

Aliyense amene anapondako ku msika wa Ndirande nthawi ya m'mawa adziwa kuti kwa amisiri a malata kumayamba kufika ndi khutu, maso n'kumatsatira pambuyo. Pakuti usanaone ndowa, mbaula, mabeseni ndi makeni othirira kudimba zitandandalikidwa m'mphepete mwa njira, umayamba wamva kugogoda kwa nyundo zambirimbiri, iyi ikuyankha iyo, ngati amayi atatu akusinja pa mtondo umodzi. Tsiku lina, nditapita kumeneko kukagula mbaula, ndinaima kanthawi pafupi ndi bambo wina wa imvi amene anali kung'amba mgolo wa mafuta, uja wa malita 200 umene ena amautcha diramu. Anaugoneka pansi, naupana ndi mawondo, najambula mzere ndi msomali. Kenaka anatenga tchizulo ndi nyundo, nayamba kutsata mzerewo pang'onopang'ono osaphonya, kufikira chitsulo chinatambasuka ngati chikopa cha mbuzi choyanika padzuwa.

Pofuna kucheza nawo, ndinawasimbira kuti ku Lusaka kunali munthu amene ankalowetsa anyamata mu mgolo wonga womwewo ndi kuwagubuduza pa chitunda, ati kuwakonzekeretsa ulendo wa kumwezi. Ndinayembekeza kuti aseka, monga amachitira ambiri akamva nkhaniyi, koma iwo anatula nyundo pansi, napukuta thukuta, nandifunsa kuti: “Nanga bambo, mkuluyo asanaikemo mwana wa eni ake, mgolowo anauyeza?” Funso limenelo landikhala m'mutu kufikira lero lino, chifukwa m'chinenero chathu muli mawu awiri osiyana chilembo chimodzi chokha, kuyesa ndi kuyeza, ndipo ine ndaona kuti mbiri yonse ya anthu wamba amene afuna kukwera kuthambo ndi ntchito ya manja awo yagona pakati pa mawu awiri amenewa.

Munthu wa ku Lusaka uja dzina lake anali Edward Mukuka Nkoloso, wobadwa m'chaka cha 1919 kumpoto kwa dziko limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia, lomwe lija kuyambira 1953 kufikira 1963 linamangidwa m'goli limodzi la chitaganya ndi Nyasaland wathu. Sanali munthu wopanda mbiri, kapena wozungulira mutu wongoyendayenda m'misewu, monga ena anafuna kuti dziko limuone. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment, kumene anafika pa udindo wa sajeni m'chigawo chotumiza mauthenga. Atabwerako anakhala womasulira zinenero m'boma la atsamunda, anaphunzitsa ana, ndipo atatsegula sukulu yakeyake, boma lomwelo linamutsekera. Kuyambira pamenepo analowa m'gulu la omenyera ufulu, namangidwa m'zaka za 1956 ndi 1957, nadzakhala mmodzi wa oyang'anira chitetezo m'chipani cha UNIP cha Kenneth Kaunda. Munthu wotere ndiye amene mu 1960 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, nalengeza poyera kuti dziko lake lidzafika kumwezi, ngakhale ku Mars komwe, America ndi Russia asanapondeko.

Pa famu ina yosiyidwa, mtunda wa makilomita 11 kuchokera mu mzinda wa Lusaka, Nkoloso anasonkhanitsa achinyamata, mwa iwo muli mtsikana mmodzi wosafika zaka 20, nawatcha Afronauts, ndiko kunena oyenda kuthambo a mu Africa. Iye mwini, atavala chisoti chachitsulo cha usilikali ndi mwinjiro kumsana, ankawalowetsa mu mgolo mmodzimmodzi ndi kuwakunkhuniza pa chitunda kuti azolowere chizwezwe cha m'chombo. Ankawakwezanso pa katungwe wa tayala kuti alawe kupepuka kwa thupi kumene munthu amakumva pamene katungwe wafika pamwamba penipeni ndipo ali pafupi kubwerera. Chombo chake, chooneka ngati mgolo waukulu, chopangidwa ndi aluminiyamu ndi kopa, anachitcha D-Kalu 1, ndipo anafuna kuti chinyamuke pa 24 October 1964, tsiku limene mbendera ya Zambia inali kukwera, patangopita miyezi itatu ndi masabata owerengeka yathu itakwera pa 6 July. Akuluakulu okonza mwambo sanamulole. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku bungwe la UNESCO, koma sanalandire ndi khobidi lomwe. Boma latsopano silinaikepo dzanja. Achinyamata aja anabalalika mmodzimmodzi, ndipo D-Kalu sinanyamuke.

Atolankhani a kunja amene anabwera kudzaona ufulu wa Zambia anapeza mwa Nkoloso ndiwo yokometsera nkhani zawo, ndipo mmodzi wa iwo, Arthur Hoppe wa nyuzipepala ya San Francisco Chronicle, analemba za iye kangapo. Dziko linaseka. Komatu ine ndikamaganizira kuseka kumeneko mtima wanga sukhala m'malo, pakuti amene ankaseka ndi omwe aja anali atalamulira dzikolo zaka zambiri, nakumba kopa wake, nalisiya pa tsiku la ufulu lili ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anali ndi digiri ya kuyunivesite. Wakutsekera sukulu sayenera kukhala woyamba kukuseka kuti sudziwa masamu. Ndiponso m'mawu a Nkoloso munali mbola imene osekawo mwina sanaimve: pofotokoza ulendo wa ku Mars ananena kuti adzatumiza mtsikana uja, amphaka awiri ndi mmishonale, koma kuti mmishonaleyo wachenjezedwa asakakamize eni dziko a ku Mars kulowa Chikhristu ngati iwo sakufuna. Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, amene analemba za iye m'magazini ya The New Yorker mu 2017 ndi kumuikanso m'buku lake la The Old Drift la 2019, anafunsa ngati mkuluyu sanali kuwabwezera atsamunda chithunzi chawo chomwe. Kaya zinali choncho kaya ayi, moyo wake wotsala unaonetsa kuti mutu wake unali wokoka: Kaunda anamuika ku Liberation Centre mu Lusaka, kumene kunkasonkhana omenyera ufulu a maiko oyandikana nawo, mu 1983, ali ndi zaka 64, analandira digiri ya zamalamulo ku University of Zambia, ndipo anamwalira pa 4 March 1989.

Ndamulemekeza, ndipo ndidzamulemekezabe, chifukwa anakana kuvomereza kuti thambo lili ndi eni ake. Koma ulemu usatitseke pakamwa: Nkoloso anayesa, sanayeze. Tsono tiyeni tifunse chimene bambo a ku Ndirande anafunsa, tione kuti thambolo lili kutali motani, ndi kuti chofunika n'chiyani kuti mwana wa munthu akafikeko ndi kubwerako ali moyo.

Akatswiri ambiri amaika malire a mlengalenga wathu ndi thambo la kunja pa makilomita 100 kuchokera pansi, mzere umene anautcha dzina la Theodore von Kármán. Mtunda umenewu si wautali ayi. Ufanana ndi ulendo wochoka mu Blantyre kukafika ku Mwanza, umene minibasi imautha dzuwa lisanapendeke. Koma msewu umenewo mutauimika chilili mudzaona kuti nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili mamita 3,002, iyenera kusanjikizidwa ka 33 kuti ifikeko, ndi kuti ndege zazikulu zonyamuka pa Chileka zimathera pa makilomita 10 kapena 12 okha. Kupyola pamenepo mpweya umanka nuchepa, kufikira phiko lisowa pogwira, ndipo moto usowa chopumira.

Apa ndipo pagona kusiyana kwa ndege ndi roketi. Mayi aliyense wophika pa mbaula adziwa kuti makala sayaka popanda mpweya, n'chifukwa chake amakupiza ndi chivundikiro cha poto. Wosula makasu nayenso sayenda wopanda mvukuto. Injini ya ndege imapuma mpweya umene ikudutsamo. Koma roketi, popeza ikupita kumene kulibe mpweya, iyenera kusenza mvukuto wakewake, ndiwo mpweya wa okosijeni, umene kawirikawiri amauziziritsa kufikira madigiri 183 pansi pa ziro kuti usanduke wamadzimadzi ndi kukwana m'thanki. Mafuta ndi okosijeniyo zikakumana m'chipinda choyakira, moto wake umafika pa madigiri 3,000, chikhalirecho chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,500. Chotero amisiri amayamba azunguliza mafuta ozizira m'timipata ta m'khoma la injini asanawalowetse m'moto, kuti mphika usapse pamodzi ndi ndiwo. Utsi wotenthawo ukatulukira pansi mwa liwiro loopsa, roketi imakankhidwira kumwamba, monga bwato limabwerera m'madzi msodzi akalumphira kumtunda. Katungwe n'kukankhana, anatero akale, ndipo Isaac Newton anaika zomwezo m'masamu m'chaka cha 1687.

Kufika kuthambo kulinso pawiri. Kungogunda mzere wa makilomita 100 ndi kugwanso, monga mwala woponyedwa m'mwamba, kumafuna liwiro la makilomita 3,500 mpaka 5,000 pa ola. Ndi ulendo wa mtundu umenewu umene Alan Shepard wa ku America anayenda kwa mphindi 15 pa 5 May 1961. Koma kukhazikika kumeneko ndi kumazungulira dziko, monga anachitira Yuri Gagarin wa ku Russia pa 12 April chaka chomwecho, kumafuna makilomita 28,000 pa ola, liwiro limene lingakuchotseni pa Clock Tower mu Blantyre ndi kukufikitsani ku Lilongwe m'masekondi 40. Roketi yotere, pa magawo 10 a kulemera kwake, pafupifupi 9 amakhala mafuta okhaokha. Nanga mwezi, umene uli makilomita 384,000 kuchokera kuno? Roketi ya Saturn V imene inanyamula anthu oyamba kupondako mu July 1969 inali yotalika mamita 110, yolemera pafupifupi matani 3,000, ndipo ntchito yonseyo, yotchedwa Apollo, inagwiridwa ndi anthu okwana 400,000. Mwezi, kunena zoona, si wa kagulu ka pafamu. Chimene timagulu ta anthu wamba timalimbirana masiku ano ndi ulendo woyamba uja, wokagunda mzere ndi kubwerako.

Mpikisano waukulu wa mtundu umenewu unalengezedwa mu 1996 ndi Peter Diamandis, amene anatengera nzeru pa mphotho ya madola 25,000 ija inakopa Charles Lindbergh kuwoloka nyanja ya Atlantic yekhayekha pa ndege mu 1927. Mphotho yatsopanoyi, imene inadzatchedwa Ansari X Prize, inali madola 10 miliyoni, ndipo lamulo lake linali lomveka: gulu losakhala la boma lipange chombo chokwana anthu atatu, chifike makilomita 100, chibwere, ndipo chombo chomwecho chipitenso pasanathe masabata awiri. Magulu 26 ochokera m'maiko 7 analembetsa, koma limodzi lokha ndilo linafikitsa munthu kuthambo. Chombo chake, SpaceShipOne, chinapangidwa ndi Burt Rutan ndi amisiri ake m'chipululu cha Mojave ku California. Ndege ina inkachibereka kufikira makilomita 14 kapena 15 ndi kuchitaya, icho n'kuyatsa injini yake yotentha mphira. Woyamba kuchifikitsa kuthambo, pa 21 June 2004, anali Mike Melvill, bambo wa zaka 63 wobadwira ku Johannesburg. Iye yemweyo anapitanso pa 29 September, ndipo pa 4 October Brian Binnie anakwera makilomita 112 natenga mphotho. Koma tisanamizane, awa sanali ophunzira ntchito. Rutan anali atapanga ndege zaka zambiri, ndipo kumbuyo kwake kunali Paul Allen, mmodzi wa oyambitsa Microsoft, amene anathirapo ndalama zoposa madola 20 miliyoni, kuwirikiza kawiri mphotho imene ankalimbirana. Ndipo SpaceShipOne isanakhudze mzere uja inali itauluka maulendo ambiri oyeserera, choyamba yoberekedwa osatayidwa, kenaka yotayidwa injini isanayatsidwe, kenaka injini itayaka masekondi owerengeka.

Amene ali pafupi kwenikweni ndi mzimu wa Nkoloso, ndipo amene nkhani yawo ndiikonda koposa, ali ku Denmark. Mu 2008 kunabadwa gulu lotchedwa Copenhagen Suborbitals, la anthu makumi angapo ongodzipereka, osalandira malipiro, amene masana ali pa ntchito zawo zodyetsera mabanja, koma madzulo ndi kumapeto kwa sabata amakumana pa malo akale okhomera sitima zapamadzi ku Refshaleøen kudula zitsulo ndi kuwotcherera. Ndalama zawo ndi zopereka za anthu wamba a maiko osiyanasiyana, monga momwe ife timasonkherana pomanga tchalitchi. Cholinga chawo n'chimodzi: kukweza munthu mmodzi kupyola makilomita 100 pa roketi yopanga okha, ndi kumutsitsira m'nyanja pa parachuti. Mafuta awo ndi mowa wa ethanol ndi okosijeni wamadzi. Zipangizo zawo zambiri amagula m'masitolo a anthu onse. Ndipo popeza dziko lawo n'lopanikizana, amakaulutsira panyanja ya Baltic, kufupi ndi chilumba cha Bornholm, pa chiphaka choyandama.

Taonani tsono mayendedwe awo. Mu September 2010 anakokera roketi yawo yoyamba kunyanja, anthu ali tcheru, nthawi yonyamuka inakwana, koma roketi inangoti chilili. Valavu ya okosijeni inali itauma ndi kuzizira, chifukwa chimene anaika kuti chiziifunditsa chinali kachipangizo koumitsira tsitsi, konga kamene timakaona m'masaluni a mu Limbe, ndipo magetsi ake anali atazima. Wina akanabisa nkhope. Iwo anafotokoza poyera chimene chinalakwika, nabwerera kukakonza. Pa 3 June 2011 roketiyo inanyamuka, itanyamula chidole cha msinkhu wa munthu, koma inapendekeka, ndipo anaizimitsa msanga, n'kuthera pa makilomita 2.8 okha. Anaphunzirapo kuti roketi yopanda chowongolera ili ngati ng'ombe yopanda m'busa, ndipo mu 2013 anaulutsa ina yaing'ono, Sapphire, yongoyesera chowongolera chokha basi. Pa 4 August 2018 roketi yawo Nexø II inakwera makilomita 6.5 nitsika bwinobwino pa parachuti. Kuyambira pamenepo akhala akumanga yaikulu, yotchedwa Spica, imene akufuna kuti idzanyamule munthu. Zaka zonsezi zapita, ndipo sanakwezepo munthu ndi mmodzi yemwe. Ena anganene kuti kumeneko n'kulephera. Ine ndikuti ndiwo ulemerero wawo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mpando umene mwana wa eni ake adzakhalemo mwayamba mwakhala chidole.

Roketi zopanda munthu zopangidwa ndi anthu wamba zinafikako kale: pa 17 May 2004 gulu la Civilian Space eXploration Team linaulutsa GoFast m'chipululu cha Black Rock ku Nevada kufikira makilomita 116, ndipo mu April 2019 ophunzira a University of Southern California anachita chimodzimodzi ndi roketi yawo Traveler IV. Koma kufikira pamene ndikulemba zino, palibe gulu la ongodzipereka limene lafikitsako munthu. Ndipo chifukwa chake si kusowa kulimba mtima.

Olimba mtima alipo, ndipo ena a iwo ali m'manda. Mike Hughes wa ku America, amene ntchito yake inali yoyendetsa galimoto, anadzipangira roketi yoyendera nthunzi ya madzi otentha, nalowamo iye mwini. Mu March 2018 anakwera mamita 572 natsika atavulala, koma pa 22 February 2020, kufupi ndi Barstow ku California, parachuti inathothoka roketi ikungonyamuka, ndipo mkuluyo, wa zaka 64, anafera pomwepo anthu akuonerera. Ngakhale akatswiri enieni moto umenewu sunawasiye: mu July 2007 anthu atatu a kampani ya Rutan anafa pa kuphulika kumene kunachitika poyesa zipangizo za injini pansi pomwe, ndipo pa 31 October 2014 chombo cha SpaceShipTwo chinasweka m'mwamba, n'kupha mmodzi wa oyendetsa ake awiri. Ndatchula maliro awa osati kuti ndikuopsezeni, owerenga anga, koma kuti mudziwe kuti iyi si nthano ya kalulu. Safunsa anadya phula. Munthu wofuna kumanga nsanja amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, ndipo pa nsanja iyi mtengo wa kulakwitsa ndi mwazi.

Kuno ku Africa mbewu ya Nkoloso sinafere m'nthaka. Ku Democratic Republic of Congo, Jean-Patrice Keka wakhala akupanga maroketi otchedwa Troposphere, ena mwa iwo ndi zitini za mkaka waufa, ndi kuwaulutsira ku Menkao kunja kwa Kinshasa. Mu July 2008 imodzi inanyamuka bwino, ndipo ya 2009, imene inanyamula khoswe, inapatuka n'kukagwa. Ku Durban, aphunzitsi ndi ophunzira a University of KwaZulu-Natal anasankha njira ya nkhono ija. Roketi yawo yoyamba ya Phoenix, mu 2014, inathera pa makilomita 2.5, ina inawonongeka mu 2019, koma mu March 2021, pa bwalo loyesera la Overberg ku Western Cape, Phoenix yachitatu m'mbadwo umenewo inakwera pafupifupi makilomita 18. Ndipo mafuta ake anali chiyani? Phula la makandulo, lomwe lija timayatsa m'nyumba zathu ku Bangwe ndi ku Chilomoni magetsi akazima, lotenthedwa pamodzi ndi mpweya wa nitrous oxide. Zipangizo sizinali zachilendo; chachilendo chinali makope odzaza manambala, ndi injini zoyatsidwa kambirimbiri zitamangiriridwa pansi zisanaloledwe kuona mitambo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife a mu Blantyre, amene ndiwo za mawa sitikuzidziwa, zakuthambo zitipindulira chiyani? Funsoli n'lolemera, ndipo sindiliyankha mwachibwana. Sindikunena kuti Malawi achotse ndalama za mankhwala ndi kuzithira mu roketi. Koma amene tinali mu mzinda uno mu March 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira abale athu ku Chilobwe, tikumbuke kuti namondwe ameneyo anali ataonedwa kwa masabata oposa anayi akuwoloka nyanja ya Indian kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo maso amene ankamuona anali masetilaiti ozungulira kuthambo, onse a eni ake. Zanyengo zimene mlimi amamva pa wailesi, mapu a pa foni amene dalaivala amatsata, mpira umene anyamata amaonera m'mavidiyo a ku Mbayani, zonsezi zimatsika kuchokera kumwamba komweko. Thambo linalowa kale m'nyumba zathu. Chatsala n'chakuti ana athu akhale olimvetsa, kapena akhale ogula chabe mpaka kalekale.

Ndipo manja tili nawo. Mwana wopinda mawaya ku Zingwangwa mpaka itatuluka galimoto yokhala ndi chiwongolero ndi mateyala otembenuka ali kale mmisiri. Owotcherera a ku Ndirande amapanga zigayo, mawilibala ndi mafelemu a mawindo ndi makina owotcherera amene ena mwa iwo anakulunga okha. William Kamkwamba, mnyamata wa zaka 14 wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anaimika makina amphepo opanga magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zakudzala. Anthu a m'mudzi poyamba anamuyesa wamisala, monga anamuyesera Nkoloso, koma iye anali ndi buku la ku laibulale m'manja, ndipo babu linayaka. Mitu nayonso tili nayo: pa Chichiri pali MUBAS, imene ambiri tikuitchabe Poly, ku Ndata m'boma la Thyolo kuli MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ku Kasungu kunatsegulidwa mu 2017 dera loyeserako ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, ndipo mu 2020 kunayamba African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kuzipanga ndi kuziulutsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti kuchokera pa Poly kukafika ku msika wa Ndirande ndi mtunda woti munthu ayenda wapansi, koma wa masamu ndi wa nyundo sakumana kawirikawiri; uyu ali ndi manambala opanda chitsulo, uyo ali ndi chitsulo chopanda manambala. Mutu umodzi susenza denga. Chimene a ku Copenhagen ali nacho, choposa ndalama, ndi chakuti injiniya ndi wowotcherera amagwada pa chitsulo chimodzi.

Pempho langa tsono ndi laling'ono, ndipo silifuna mapaundi 7 miliyoni. Pali roketi imene sukulu iliyonse ya mu Blantyre ingathe kupanga popanda moto ndi popanda wonga: botolo lapulasitiki la malita 2, lothiridwa madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, lomatidwa zipsepse za katoni, lotsekedwa ndi chotsekera choboola, ndi kupopedwa ndi pampu ya njinga, opopa ndi oonerera ataima patali. Chotsekera chikafwamphuka, madzi amatulukira pansi, botolo n'kukwera mamita makumi angapo, pa lamulo lomwe lija linakweza Saturn V. Mwana wina aime pa mtunda woyezedwa ndi kachipangizo koyezera makona ka m'bokosi la masamu, awerengere kuti botolo lafika pati, alembe m'kope. Mawa achepetse madzi, ayesenso, ayezenso. Aphunzitsi a sayansi a ku Soche, ku Chichiri, ku Limbe ndi ku Chirimba apangane tsiku limodzi pa chaka. Makampani a ku Makata aikepo mphotho, ngakhale ya fizi ya teremu imodzi. Ophunzira a uinjiniya akhale oweruza, ndipo amisiri a ku Ndirande aitanidwe mwaulemu kudzapanga poimikira maroketiwo ndi kukhala pa mipando ya kutsogolo. Za mankhwala oyaka zisiyidwe kufikira pakhale akatswiri oyang'anira, malo akutali ndi nyumba za anthu, ndi chilolezo cha oyang'anira za ndege. Ndipo pasapezeke wina wolowetsa mwana, kapena mphaka yemwe, m'chinthu chimene sichinayezedwe.

Mbaula ija ndinagula, ndipo ikugwirabe ntchito. Inu makolo anzanga, mwana wanu akadzabwera ndi botolo lonyowa ndi pampu ya njinga yanu, musadzamulande ndi kumukalipira kuti akutaya madzi. Mudzamupatse kope ndi pensulo, ndipo mudzamufunse kuti botololo lakwera mamita angati.